Mfutso wa magazi

Mlongo wanga anachira mwana wake wachiwiri usiku wina mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka chiyambire madzulo. Tinali pa kachipatala ka kwathu kuno ku Angónia, ka zipinda zitatu, komwe anamwino amagona pomwepo kuseri. Ine ndi alamu anga tinakhala pakhonde titafunda chitenje chimodzi, poti kuno kumtunda mvula ikagwa usiku kumazizira ngati mu Juni. Titamva kulira kwa khanda, alamu anandimenya paphewa n'kuseka mokweza mpaka mlonda anatembenuka. Sipanapite mphindi 20, amayi anatuluka atanyamula beseni. Sanandiyang'ane kumaso.

"Mwana ali bwino," anatero. "Koma mlongo wako sakusiya."

Sindinafunse kuti sakusiya chiyani. M'besenimo munali zitenje ziwiri zolemera ngati zochokera kumtsinje, ndipo sanali madzi.

Anamwino aja ndimawavulira chipewa mpaka lero. Anali okha, koma anachita zonse zimene manja awiri angachite. Anabaya jekeseni wa oxytocin, anasisita mimba mwamphamvu kuti chiberekero chikhwime, anayang'ana nsengwa ngati yatuluka yonse, anaika soro (madzi a dripu) mikono yonse iwiri, uku foni ili pakhutu akuitana ambulansi. Ambulansiyo inafika patatha pafupifupi maola awiri, matope ali mpaka pazitseko. Ndinakwera kumbuyo, ndipo ntchito imene anandipatsa inali yokweza thumba la soro m'mwamba. Ndinalikweza njira yonse mpaka mkono unachita dzanzi, koma sindinautsitse.

Chimene ndinaona m'galimoto muja ndi chimene chandilembetsa nkhaniyi. Poyamba magazi ankatuluka oundana, zidutswazidutswa zakuda ngati chiwindi cha mbuzi. Tili pakati pa ulendo anasintha. Anayamba kutuluka amadzimadzi, ofiira pang'ono chabe, ngati madzi otsukira nyama. Mtima wanga unakhala pansi, ndinkati basi akutha, chatsala ndi madzi okha. Anamwino anaunika ndi tochi ya foni, anagwira magaziwo n'kuwatikita pakati pa zala ziwiri, kenako anatembenukira kutsogolo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Adalaivala, thamangani, bambo."

Kuchipatala chachikulu anatitenga magazi ine ndi alamu, anawayeza, anamupatsa, n'kulowa naye kuchipinda cha opaleshoni. Anatuluka wamoyo, koma wopanda chiberekero. Anali ndi zaka 24. Kutacha, mkulu wa ku labotale amene ananditenga magazi anandipeza nditakhala pabenchi. Anandionetsa kabotolo kamagazi kamene anakazunguza pa makina: pansi pofiira, pamwamba madzi achikasu ngati mafuta ophikira osungunuka. Analoza achikasuwo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chimene chinamuthera mlongo wanu panjira ndi ichi. Akanachipeza maola atatu apitawo, mwina nkhani ikanakhala ina."

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi ku sekondale. Chaka ndi chaka ndimalemba pa bolodi kuti mwa magawo 100 a magazi a munthu, pafupifupi 55 ndi madzi achikasu otchedwa pulazima, ndipo ana amakopera. Tsiku limenelo m'pamene ndinazindikira kuti ndinkaphunzitsa chinthu chimene sindinkachidziwa.

Aliyense amene anaphako mbuzi n'kutchera mbale kuti aphike uwende anaziona izi. Magazi akakhala kanthawi amagwirana n'kukhala chibuluma, ndipo m'mphepete mumatuluka timadzi toyezuka. Chimene chimagwiranitsa magaziwo si kufiira kuja ayi. Maselo ofiira ntchito yawo ndi kunyamula mpweya wa oxygen. Zogwiranitsa zimayandama m'madzi achikasu aja: mapuloteni angapo amene amadzutsana motsatana, ndipo pamapeto pake imodzi yotchedwa fibrinogen imasanduka timaulusi tolukana ngati ukonde pabala. Pulazima yambiri ndi madzi wamba, magawo oposa 90 pa 100 alionse. Kagawo kotsalako ndiye kamene kamasiyanitsa munthu amene bala lake litseke ndi amene atayebe magazi mpaka kuzizira.

Tsono soro ndi madzi amchere basi. Amadzaza mitsempha kuti mtima usapope mphepo, ndipo apulumutsa anthu osawerengeka. Koma munthu akamataya magazi enieni inu n'kumabwezera madzi okhaokha, zogwiranitsa zija zimasungunuka ngati phala limene mukulithira madzi mobwerezabwereza kuti likwanire ana onse. Thupi likazizira, monga mlongo wanga anazizirira m'galimoto muja, zotsalazo nazonso zimagwira ntchito mofooka. Magazi amadzimadzi amene ndinawaona sanali chizindikiro chakuti zikutha. Thumba limene ndinkalikweza ndi mtima wonse linkamusunga ndi moyo, komanso linkasungunula chimene chikanatseka bala lake. Zimenezi zinandisowetsa tulo kwa miyezi, ngakhale ndikudziwa kuti panalibe china chimene anamwino akanaika m'thumbamo.

Bwanji panalibe? Chifukwa pulazima yamadzi ndi chinthu chovuta kusunga. Ikapatulidwa ku magazi a wopereka, iyenera kuumitsidwa kukhala ayezi pasanathe maola 8, n'kusungidwa pa madigiri 18 pansi pa ziro kapena kuzizira koposa apo. Ikatero imatha chaka. Jeleira (firiji) wamba wosungira katemera safika pamenepo. Pamafunika chozizira champhamvu, magetsi osazima usana ndi usiku, ndi jenereta yokhala ndi mafuta tsiku limene magetsi azime. Ikafunika, muyenera kuisungunula m'madzi ofunda kwa mphindi 20 kapena 30, pamene wodwala akutayabe magazi. Mukaisungunula n'kusaigwiritsa ntchito, masiku ake ndi owerengeka. Matumba ena amang'aluka poyenda chifukwa pulasitiki ikaumitsidwa imakhala yosachedwa kusweka ngati chigoba cha dzira.

Chigawo chathu chino cha Tete ndi chimene chili ndi damu la Cahora Bassa, limene limapanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kupita ku South Africa. Koma nthambo sizinafike pa kachipatala kalikonse ka ku Tsangano, Macanga kapena Chifunde, ndipo zambiri zimadalira sola imene imakwanira mababu ndi jeleira wa katemera. Kuchoka ku Ulongué kukafika mu mzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, kutsika kudzera pa Mussacama ndi Moatize. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Moatize ndi Tete. Ngati mlatho waukulu ngati umenewo unagonja, ganizani timilatho tamitengo ta m'midzi mwathu mu Febuluwale. Chinthu chimene chimafuna kukhala ayezi kuchokera pa mkono wa wopereka mpaka pa bedi la wodwala sichinapangidwire dziko ngati lathu.

Nditayamba kufufuza, ndinadabwa kumva kuti nzeru yoyanika pulazima si ya dzulo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a America ndi Britain ankayenda nayo youma. Msilikali wachipatala ankanyamula zitini ziwiri, china muli botolo la ufa, china muli botolo la madzi oyera. Ankasakaniza pomwepo pamene mnzake wagwera, n'kumupatsa. Anthu ochuluka anabwerera kwawo chifukwa cha zitini zimenezo. Koma panali msampha umene nthawi imeneyo sankauona. Ankaphatikiza pulazima ya anthu ambiri m'chiwiya chimodzi, ndipo njira yoyezera tizilombo ta matenda a chiwindi inali isanapezeke. Wopereka mmodzi wodwala ankaipitsa chiwiya chonse, monga nsomba imodzi ikaola imaoletsa zonse. Asilikali ambiri, makamaka pa nkhondo ya ku Korea, anachira mabala koma n'kudwala chikasu. Pofika 1968 America inali itasiya.

Ena sanasiye, anangokonza povutapo. Asilikali a France ali nayo yawo youma, imene amaipanga mwa njira yamakono kuyambira 1994. Amaphatikiza ya anthu ochepa oyezedwa bwino, amapha tizilombo ndi mankhwala, ndipo botolo lake limakhala zaka ziwiri popanda ayezi. Mukathira madzi okwana mamililita 200, pasanathe mphindi 6 yakonzeka. Ku Germany bungwe la Red Cross limapanga ina yotchedwa LyoPlas, botolo lililonse la munthu mmodzi, yokhala miyezi 15. America yomwe inasiya ija, mu 2018 inalola asilikali ake kugwiritsa ntchito ya ku France. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi: pafupi pompa, ku Pinetown kufupi ndi Durban, bungwe la National Bioproducts Institute lakhala likupanga pulazima youma yotchedwa Bioplasma FDP kuyambira 1996, ndipo imagwira ntchito m'zipatala za kumidzi za ku South Africa, ngakhale kwa amayi otaya magazi pobereka. Magetsi athu amafika kumeneko tsiku ndi tsiku. Ndinakhala phee kuganizira kuti usiku umene ndinkakweza soro uja, botolo lotere linali pa shelefu ya kachipatala kena ka ku KwaZulu-Natal, likudikira.

Onsewa amaumitsa mwa njira yozizira. Amayamba aisandutsa ayezi, kenako amaiika m'chipinda chochotsedwa mpweya, momwe ayeziyo amauluka pang'onopang'ono osasungunuka. Njirayi ndi yofatsa pa mapuloteni, koma imatenga masiku, imafuna fakitale yaikulu yodula, ndipo zambiri zimatuluka m'mabotolo agalasi olemera. N'chifukwa chake mayiko opanga ndi owerengeka pa zala.

Njira ina, imene yandikopa mtima, ndi yopopera. Ndipo tonse tinadyako zipatso zake. Mkaka wa Nido umene amayi amathira m'tiyi umapangidwa motero. Munthu wina wotchedwa Samuel Percy analembetsa nzeruyi ku America kalekale mu 1872. Amakankha madziwo kudzera pa kabowo kakang'ono kuti atuluke ngati nkhungu, monga mmene mpope wopopera mbatatesi m'madimba mwathu umachitira. Nkhunguyo imakumana ndi mpweya wouma wotentha kwambiri. Kadontho kalikonse n'kakang'ono moti madzi ake amauluka m'kuphethira kwa diso, ndipo chimene chimagwa pansi ndi ufa.

Ana a m'kalasi mwanga nditawafotokozera, mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, si munatiuza kuti puloteni ikatenthedwa imapsa ngati dzira? Nanga imeneyi sipsa bwanji?" Ndinakondwa kwambiri ndi funso limenelo. Ndinamufunsa chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amakhala ozizira ngakhale mu Okutobala. Anayankha kuti mtsuko umachita thukuta. Ndi momwemo. Madzi akamauluka amatenga kutentha n'kupita nako. Pamene kadontho kakuuma, kuuluka kwa madzi ake kumakasunga kozizirirapo kuposa mpweya wokazungulira, ndipo kakamafika pouma kamakhala katachoka kale pamoto. Chinsinsi chake ndi liwiro.

Si kuti zimangoyenda myaa. Pulazima si mkaka. Kukankhidwa pa kabowo kuja kumadula ena mwa mapuloteni aataliatali, makamaka imodzi yotchedwa von Willebrand factor imene imathandiza timaselo tomata bala kukakamira. Komanso mpweya wa carbon dioxide ukathawa poumitsa, pulazima imasintha mkhalidwe wake, choncho amayamba aithira tizinthu toiteteza isanalowe m'makina. Akatswiri atha zaka zambiri akulimbana ndi zimenezi kuti ufawo ukasungunulidwa ukhalebe ndi mphamvu yokwanira. Kampani ya Velico Medical ya ku Massachusetts, mothandizidwa ndi bungwe la boma la America lotchedwa BARDA, yapanga makina amene amaumitsa thumba limodzi la munthu mmodzi pasanathe ola, mkati mwa chotengera chotsekeka chimene chimatayidwa ntchito ikatha, kuti magazi a uyu asakhudzane ndi a uja. Ufawo umakhala m'thumba lapulasitiki lopepuka, ndipo umasungunuka m'mphindi zochepa. Ayamba kale kuuyesa pa anthu athanzi odzipereka, koma pamene ndikulemba ukadali m'mayeso, sunafike pogawidwa m'zipatala.

Chimene chikundisangalatsa pa njirayi si kufulumira kokha. Makinawo anawapanga kuti aikidwe pa malo osungira magazi wamba, osati pa fakitale ya kutsidya kwa nyanja. Ndiye kuti tsiku lina nthambi ya Serviço Nacional de Sangue ku Maputo, ku Beira, ngakhale ku Tete konkuno, itha kumaumitsa pulazima ya anthu athu omwe, n'kuitumiza pa mota (njinga yamoto) kukafika ku Dómuè kapena ku Furancungo ngati mmene amatumizira mabokosi a mankhwala a malungo. M'mayiko osauka pulazima yambiri, malita mamiliyoni chaka chilichonse, imangotayidwa akachotsa maselo ofiira, chifukwa chosowa poisunga ndi poikonzera. Kutaya ndiwo nthawi yadzinja chifukwa zachuluka, pamene chilimwe chikubwera, amayi anga sangakumvetseni.

Pakuti ife kuyanika timakudziwa. Mwezi wa Epulo mabwalo onse amakhala ndi mphasa za mfutso: chitambe, khwanya, nkhwani, zofutsidwa pang'ono n'kuyanikidwa, kenako n'kumangidwa m'zikwatu zamasamba a masuku n'kupachikidwa kudenga la khitchini. Kumunsi ku Zambezi amayanika masau ndi nsomba za chicoa, ku Cahora Bassa kapenta. Palibe mayi wa kuno amene angafunse kuti kuumitsa kuli ndi phindu lanji. Amadziwa kuti chonyowa chimafuna kudyedwa lero, pamene chouma chimadikira tsiku la njala, chimakwera njinga, chimawoloka mtsinje pamutu. Nditauza amayi za pulazima youma sanadabwe n'komwe. Anangoti, "Ndiye ankadikira chiyani nthawi yonseyi?"

Koma ndisakunamizeni kuti ufa umenewu ndi mankhwala a zonse, chifukwa ndawerenga zotsatira za kafukufuku ndipo sizikuyimba nyimbo imodzi. Mu 2018 ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa PAMPer, wa anthu 501 ovulala kwambiri onyamulidwa pa helikopita. Mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse, 33 pa 100 alionse anamwalira pasanathe masiku 30. Mwa amene analandira pulazima ali m'njira, anamwalira 23 pa 100. Chaka chomwecho kafukufuku wina mu mzinda wa Denver, wotchedwa COMBAT, sanapeze kusiyana, koma kumeneko ambulansi inkafika kuchipatala m'mphindi zochepa. Ataphatikiza awiriwa anaona kuti phindu limaonekera ulendo ukapitirira mphindi 20. Ku Britain nako, kafukufuku wa RePHILL wa mu 2022, amene anapereka maselo ofiira ndi LyoPlas panjira, sanaonetse kupambana soro.

Wina atha kuwerenga zimenezi n'kunena kuti nkhaniyi ndi yokayikitsa. Ine ndinaima pa mawu akuti mphindi 20. Kwa anzathuwo umenewo ndi ulendo wautali. Kwa ife mphindi 20 ndi nthawi yofunafuna netiweki kuti tiimbire ambulansi. Mlongo wanga anatha maola oposa atatu kuchokera pamene amayi anatuluka ndi beseni kufika pamene dontho loyamba la magazi anga linalowa mwa iye. Ndikuvomereza kuti anthu a m'kafukufukuyo anali ovulala pa ngozi, osati amayi obereka, ndiponso pulazima ya PAMPer inali yosungunula kuchokera ku ayezi, osati ya ufa. Koma ngati mtunda ndi umene umapatsa pulazima phindu, ndiye malo oyenera kuiyesa ndi kuno, pa misewu yathu ino, osati kumene chipatala chili kuseri kwa nyumba iliyonse.

Palinso malire ena. Pulazima sinyamula oxygen, choncho munthu amene wataya magazi ochuluka adzafunabe maselo ofiira, ndipo bala lalikulu lidzafunabe dokotala wosoka. Imangogulira munthu nthawi kuti akafike. Komanso opanga akamati imasungika popanda jeleira, amanena za kutentha kosapitirira madigiri 25. Kuno kumtunda zimenezo n'zotheka miyezi yambiri. Koma amene anakhalako mu Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo phula limamata nsapato, adziwa kuti shelefu ya ku Mutarara kapena ku Changara si shelefu ya ku Paris. Imeneyo idzafunabe ngodya yozizirirapo, ngakhale jeleira wa sola yemweyo wa katemera, ndipo zimenezo n'zopepuka kwambiri poyerekeza ndi madigiri 18 pansi pa ziro.

Ndipo zilipo zina zotsika mtengo zimene sitiyenera kudikira nazo makina alionse. Kafukufuku wa WOMAN wa mu 2017, wa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, anaonetsa kuti jekeseni wa tranexamic acid akaperekedwa pasanathe maola atatu mayi atabereka, amachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Bungwe la WHO limati amayi pafupifupi 14 miliyoni amataya magazi kwambiri pobereka chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 70,000 amamwalira. Jekeseni ameneyu ayenera kupezeka pa kachipatala kalikonse lero lomwe. Ufa uja ubwere udzapeze zimenezi zilipo kale.

Sikuti ndi amayi okha. Tonse a m'chigawo chino timakumbukira Caphiridzange, ku Moatize, pa 17 Novembala 2016, pamene thanki ya mafuta inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu. Oposa 70 anafa, ndipo ena ambiri anatsatira m'masiku otsatira ali m'chipatala. Munthu wopsa amataya pulazima kudzera pakhungu. Timadzi timene timadzaza m'matuza a moto timachokera momwemo. Tsiku ngati limenelo odwala ochuluka amafika nthawi imodzi, ndipo palibe nkhokwe ya ayezi imene ingakonzekere zimenezo. Katoni ya ufa itha kukhala pakona chaka chonse osavutitsa munthu. Ndikaonjezera anyamata a mota amene amagwa mlungu ndi mlungu pa msewu wa ku Calómuè atanyamula matumba a mbatatesi, ndimaona kuti makasitomala a ufa umenewu ndi ife tonse.

Pali mbali imodzi imene makina sangatichitire, ndipo ndi imene imandivuta kuinena chifukwa ikukhudza anthu amene ndimawakonda. Ufa uja suchokera m'mgodi ngati malasha a ku Moatize. Umachokera pa mkono wa munthu. Usiku uja anatiuza kuti magazi a anthu awiri mwina sakwana, ndipo ndinaimbira amalume anga amene amakhala pafupi ndi chipatalacho. Anabwera, anakhala nafe mpaka kucha, anagula tiyi wa tonse. Koma nditawapempha mkono anapukusa mutu.

"Mphwanga, chilichonse ndikupatsa. Ndalama, mbuzi, tenga. Koma magazi ayi. Ndikapereka ndiuma, ndipo sudziwa kumene amapita nawo."

Sindiwaweruza. Anakulira m'nthawi ya nkhondo, anathawirako ku Dedza, anaona zinthu zimene zimaphunzitsa munthu kusakhulupirira aliyense wobwera ndi galimoto yoyera. Mantha amenewa ndi akale. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinawoloka malire n'kufika ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Tsono taganizani munthu amene amaopa kale singano, mukamuuze kuti magazi ake akawasandutsa ufa n'kuwaika m'katoni. Ngati nkhaniyi idzafike m'midzi kudzera m'manong'onong'o, makinawo adzaima opanda choumitsa. Iyenera kufika m'Chichewa chomveka, kuchokera pakamwa pa anamwino amene anthu amawadziwa, pa mafumu, m'matchalitchi ndi pa wailesi, ufawo usanafike. Anthu aone ndi maso kuti thumba ili lachokera kwa munthu wa ku Tete ndipo likupita ku Tsangano, osati kunja.

Kuno ambiri timapereka magazi pokhapokha wachibale akagona pabedi, monga ndinachitira ine. Imeneyo ndi nkhani yosula mkondo nkhondo itafika kale. Pulazima yoti iumitsidwe iyenera kuperekedwa miyezi ingapo ngozi isanachitike, ndi munthu amene sadzamudziwa wolandira. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, amangotengapo mamililita 450, ndipo madzi achikasu aja thupi limawabwezera m'tsiku limodzi kapena awiri. Ine ndapereka kasanu ndi kawiri chichitikireni zija, ndipo njinga ndimapalasabe kukwera mtunda wa kusukulu. Amalume amandiyang'ana chaka chilichonse ngati akufufuza pamene ndayamba kuumira. Chaka chatha anandifunsa kuti singanoyo imapweteka bwanji. Ndinawaonetsa kachipsera pa mkono, anakagwira ndi chala, sananene kanthu.

Mkulu wa ku labotale uja anandiuzanso kanthu kena kamene ndimakonda kuuza ana. Pa maselo ofiira, wa gulu la O negative ndiye amapatsa aliyense. Pa pulazima zimatembenuka: wa gulu la AB, amene ambiri amamuona ngati wongolandira, ndiye amene pulazima yake imalowa mwa munthu aliyense popanda kuyeza gulu. Anthu a AB ndi ochepa. Mlongo wanga ndi mmodzi mwa iwo.

Loweruka lapitali ndinamupeza pabwalo akuyanika chitambe pa mphasa, mwana uja, amene tsopano ali ndi zaka zitatu, akuthamangitsa nkhuku ndi kamtengo. Ndinakhala pa mtondo n'kumufotokozera zonsezi, za nkhungu, za mtsuko, za ku Pinetown. Ankamvetsera uku akumwaza masamba ndi dzanja kuti asaunjikane. Nditafika pa nkhani ya gulu la AB anaima.

"Ndiye mukuti anga angalowe mwa aliyense?"

"Achikasuwo, inde."

"Ngakhale ndinachitidwa opaleshoni?"

Ndinamuuza kuti papita nthawi yokwanira, koma akamuyeza kaye ngati magazi ake ndi okwanira, ndipo akakapezeka ochepa amubweza. Anatola tsamba limodzi louma, analifikisa pakati pa zala mpaka linasanduka fumbi, n'kulipemerera.

"Tsiku lopereka lija ndi liti?"

"Pa 14 Juni."

"Mudzandidzere ndi mota m'mamawa, achimwene. Mwanayu adzatsala ndi agogo ake."

Kenako anakuwira mwana uja kuti nkhuku zalowa pa mphasa ya kuseri.